Nthawi Yomwe Alonda Analemba Pageti

"Ndani walowa kuchipinda kwanga n'kukapisa dzanja pansi pa matiresi?"

Telala anafunsa ali chiimire pakhomo, mtsamiro uli m'manja. Mwamuna wake, kalipentala, anali pa mpando wosapaka vanishi akuuzira tiyi yemwe anali atazizira kale. Apongozi ake anali pamkeka akusankha nyemba, ndipo anatola kamwala kamodzi n'kukayang'anitsitsa ngati kali ndi mlandu. 

"Buku langa la sikelo ndinaliika pamenepo dzulo, mtsikana wa ku yunivesite uja atangochoka. M'nyumba muno tilimo atatu. Ine sindingadzibere ndekha."

"Mawu oti kuba ndi aakulu, mwana wanga," anatero apongozi osadzutsa mutu. "Makoswe m'nyumba muno ndi osayamba. Sabata yatha anandidyera mpango."

"Makoswe ake odziwa kuyalanso bedi akamaliza?"

Kalipentala anatsamwa ndi tiyi. Anakhosomola nthawi yaitali kuposa momwe tiyi wozizira angakhosomoletsere munthu.

Panali patatha masabata asanu chiikireni mwana wawo woyamba, yemwe anabadwa osalira. Telala anali akuyendabe mowerama chifukwa cha bala la opaleshoni. Mtsikana wa ku yunivesite anabwera ndi uthenga woti a Pulofesa, mayi wa kafukufuku wa uchembere, akuyendera banja lililonse lomwe linataya mwana pa zipatala za kafukufuku wawo, ndipo pakhomo pano afika pakatha masabata awiri. Pochoka anabwereza kawiri kuti bukulo alisunge bwino, makamaka tsamba loyamba.

Dera lonse linkadziwa za tsamba loyambalo. A Pulofesa anapeza kuti ana ambiri safera panjira ayi, amafera pa benchi, mayi atafika kale kuchipatala. Ndiye anapachika wotchi pa mageti a zipatala makumi awiri, n'kupatsa alonda cholembera chofiira. Mayi wapakati akangolowa, mlonda amalemba nthawi m'buku lake, ndipo mzamba amayenera kumuona theka la ola lisanathe. Wailesi inalengeza kuti imfa za ana zatsika ndi theka. A Pulofesa anakwera ndege kukalandira mphoto.

"Ine ndinene zoona," anatero apongozi akukutumula lichero. "Bukulo kaya lapita kuti, lapita bwino. Anthu awa amanenepera maliro a anzawo. Awerenga ana athu akufa, akauza anzawo akunja, awomberedwa m'manja. Ife titsala ndi chiyani? Madzi akatayika saoleka. Bukulo lidzutsa mwana?"

"Silidzutsa mwana, amayi. Koma muli nthawi yomwe ndinafika."

"Nthawi! Anthu tikulira munthu, inu mukulira nthawi?"

"Hafu pasiti sikisi m'mawa. Alonda analemba ine ndikuona. Bambo, munali pomwepo mutagwira njinga. Ndikunama?"

Kalipentala anayang'ana mayi ake, kenako kapu. "Ine za mawotchi sindinkaziganizira tsiku limenelo. Mutu unali utazungulira."

"Koma dzuwa munaliona. Linali litatuluka kapena ayi?"

"Ndili ndi zitseko za anthu zoti ndimalize," anatero, n'kuimirira.

Apongozi anadikira kuti mwana wawo akhote kuseri kwa nyumba. Kenako anatsitsa mawu, n'kuwapaka mafuta.

"Mwana wanga, mwalowa m'banja lino mwapeza anthu. Chibale ndi fupa, sichiwola. Tsiku lija pantchito panali ndani? Si alamu anu? Mukayamba kuonetsa alendo mabuku, mukufuna chala chiloze ndani?"

Mzamba yemwe anali pantchito tsiku lija anali mchemwali wake wa kalipentala. Aliyense ankangowatcha a Sisita, ngakhale mayi awo owabereka. Denga la malata lomwe Telala anaima pansi pake anakhoma ndi iwo.

"Sindinaloze munthu," anatero Telala. "Ndangofunsa za buku langa."

Patapita masiku atatu, kunabwera mayi wina wogulitsa tomato yemwe anthu ankamutcha Wailesi, chifukwa akayamba panalibe pomuzimitsira. Anali ndi pakati pa miyezi isanu ndi iwiri ndipo ankafuna kuti diresi lake alikulitse m'mbali. Telala anagwada movutikira, tepi ili m'khosi, mapini ali kukamwa.

"Koma dzulo kusikelo kunali phunziro, asisi! A Inchaji, akuluakulu a pachipatala aja, anatiimika mitu. Akuti zengerezu adalinda kwawukwawu. Akuti kuli mayi wina wosoka, matenda anamuyamba usiku, iye n'kukakamira makina mpaka wani koloko masana, kufuna kumaliza madiresi a ukwati. Pofika kuchipatala mwana anali atapita kale. Akuti amayi inu, musakonde ntchito kuposa mwana."

Telala anachotsa pini imodzi pakamwa n'kuilowetsa m'nsalu bwinobwino.

"Dzina sanatchule ayi," anawonjezera Wailesi mofulumira. "Ine ndinawauzanso anzanga kuti osoka ndi ambiri."

"Atelala aakazi m'dera lino alipo angati?"

"Aaa, ine ndiye sindinawerenge."

"Tembenukani, ndione kumbuyo."

Wailesi anatembenuka, koma pakamwa sipanatembenuke naye. "Ine ndinati sizingatheke, chifukwa ine ndemwe ndinakuonani m'mawa umene uja muli pa njinga, ndikupita kokaoda tomato. Koma ndinangoti chete. Munthu ungatsutse a Inchaji uli ndi mimba chonchi? Mawa ukagona pa bedi lawo lomwelo."

"Mudzatenge Loweruka," anatero Telala.

Wailesi atapita, Telala anakhala pa makina osapalasa. Tsopano anamvetsa chifukwa chake amayi awiri omwe anali atalonjeza kubweretsa nsalu sanabwere, ndi chifukwa chake pa mjigo nkhani inkaduka iye akamatula ndowa.

M'mawa mwake anauza apongozi kuti akupita kukaonetsa bala. Anayenda pang'onopang'ono, akupuma pansi pa mitengo. Pageti la chipatala wotchi inalipo, yaikulu, yoyera, m'kabokosi ka waya. Pambali pake panali chithunzi cha a Pulofesa akumwetulira atanyamula khanda lonenepa la munthu wina. Pansi pake panalembedwa kuti: Theka la ola, moyo wa mwana.

Alonda anali bambo wachikulire wa jekete lalikulu. Atamuona anayamba kufunafuna chinthu m'thumba chomwe munalibe.

"Mwadzuka bwanji, bambo? Mwandikumbuka?"

"Amayi amadutsa pano ndi ambiri, mayi."

"Munandilembera hafu pasiti sikisi. Munanenanso kuti ndalawira ngati wokagula nyama."

Alonda anaseka asanaganize, kenako anakumbukira kuti sayenera kuseka. Anayang'ana ku mawindo a ofesi.

"Mayi, ine ndi wotsegula geti. Cholembera chija anandilanda. Masiku ano mabuku ndimangosonkhanitsa n'kukapereka mkati, nthawi amalemba okha. Akuti dzanja langa silioneka bwino."

"Linayamba liti kusaoneka bwino?"

"Mafunso amenewo ndi a anthu a sukulu. Lowani, alamu anu alipo."

Anawapeza a Sisita m'kachipinda kosungiramo mankhwala, akuika makatoni a magolovesi pashelefu. Anali mayi wamtali, wa maso otopa, yunifolomu yake yoyera yositidwa mpaka makwinya a m'manja. Yunifolomuyo anasoka ndi Telala yemweyo. A Sisita anatseka chitseko ndi phazi.

"Bala likutuluka madzi?"

"Bala lili bwino, alamu. Buku langa lili kuti?"

A Sisita anaika katoni pansi. Sanayese n'komwe kudabwa, ndipo Telala anawalemekeza pang'ono chifukwa cha zimenezo.

"Lili kwa ine. Anabwera nalo mlongo wanga yekha. Sindinamutume."

"Koma simunamubweze nalo."

"Sindinamubweze."

"M'kaundula wanu munalemba kuti ndinafika nthawi yanji?"

"Wani koloko."

"Wani koloko ndi nthawi yomwe munandigoneka pa bedi. Kuyambira m'mawa ndinali pa benchi apo, pansi pa zenera. Munatuluka katatu. Koyamba munati, alamu, inu ndi apakhomo, dikirani pang'ono, anthu anganene kuti ndikukondera. Kachiwiri ndinakuuzani kuti mimba yauma ngati thabwa, munati ndikubwera. Kachitatu simunandiyang'ane."

"Ndipo inu simunakuwe!" A Sisita ananena motsitsa. "Ena onse ankakuwa, kugubuduka pansi, kunditukwana. Inu munangokhala phee, manja pamiyendo ngati muli m'tchalitchi. Magazi sankaoneka, ankatayikira mkati. Ndikanadziwa bwanji?"

"Ndinkaopa kukuchititsani manyazi pantchito panu."

 Panja khanda linalira, mayi wina n'kuseka.

"Mukudziwa kuti tsiku limene lija ndinali ndekha?" anatero a Sisita. "Amayi anayi, wina wa mapasa, woyamba atatsogoza miyendo. Anzanga atatu ndi a Inchaji anali kutauni, kumaphunziro a mayi ali pachithunzi pageti apo. Ankaphunzira za theka la ola, mu hotela, akumwa madzi a m'botolo. Atabwerako a Inchaji anati chipatala chathu chili pa nambala wani mwa zipatala makumi awiri, sichingagwe chifukwa cha tsiku limodzi. Anati lembani nthawi yomwe munamuona. Ndinalemba. Ndinasaina."

"Ndiye kusikelo akuphunzitsa amayi kuti ndinapha mwana chifukwa cha madiresi."

"Zimenezo ndinawaletsa."

"Munawaletsa mokuwa, kapena manja pamiyendo ngati muli m'tchalitchi?"

A Sisita anatembenukira kushelefu. "Zikadziwika, a Inchaji adzati sakudziwapo kanthu. Dzanja lili m'kaundula ndi langa. Andilanda chiphaso, alamu. Zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Ana omwe ndawatulutsa amoyo pano angadzaze bwalo la mpira. Ndikachoka, atsala ndani? Amene anali mu hotela aja?"

"Ndipatseni buku."

"Ndilibe pano."

Telala anayang'ana thumba la yunifolomu. Analisoka yekha, ankadziwa kukula kwake, ndipo linali lathyathyathya. Anatsegula chitseko n'kutuluka.

Telala anakapeza kalipentala m'shedi mwake akupala thabwa. Utuchi unali utamuyeretsa nsidze. Atamva mapazi sanacheuke, anangowonjezera mphamvu.

"Thabwalo litha, bambo. Mutsala ndi pepala."

Anasiya.

"Ndachokera kwa achemwali anu."

"Ndinkafuna kukuuzani," anatero. "Amayi analira usiku wonse. Ankati mlendo ndi mame, akamuka dzuwa likatuluka, koma ife tidzatsala tikuyang'anana. Ine ndiime pati? Uku mkazi, uku mchemwali yemwe anandilipirira kuti ndiphunzire ntchito imeneyi. Khoswe akakhala pamkhate sapheka, mayi."

"Ndiye mwaona kuti mkhate wosavuta kuswa ndine."

"Sindinatero."

"Pa mjigo akunena kuti ndinapha mwana wanu. Inu amene munandinyamula pa njinga mwatsutsapo kangati?"

"Anthu amayankhula, amatopa. Tidzakhala ndi mwana wina, adzaiwala."

"Wina ameneyo ndidzakachirira kuti? Pa benchi lomwe lija?"

Kalipentala anatola msomali wopindika n'kuyamba kuuwongola ndi hamala, pang'onopang'ono, ngati kuti m'shedimo munalibe misomali ina.

Masiku otsalawo pakhomo panali ulemu woopsa. Apongozi anayamba kumutungira madzi osamba. Ankamufunsa ngati wagona bwino, ndipo akapita kuchimbudzi ankamuperekeza ndi maso mpaka abwereko. Foni yake ikalira, kalipentala ankapezeka kuti ali ndi chofuna m'chipinda chomwecho. Telala naye anayamba kuwerenga nkhope. A Sisita anabwera kawiri madzulo, n'kukhala ndi mayi awo kukhitchini, ndipo iye akayandikira nkhani inkasanduka ya mtengo wa sopo. Sankakhulupiriranso munthu, ndipo a Pulofesa sankawakhulupirira kuposa onse. Munthu womwetulira choncho atanyamula mwana wa eni ake, ankaganiza, amadziwa mbali yomwe kamera ili.

Alendowo anafika Lolemba cha m'ma teni, pa galimoto yoyera yodzaza fumbi. Woyamba kutsika anali a Sisita, atavala yunifolomu. A Inchaji anawatuma kuti alondolere alendo njira. Kenako anatsika mayi wamfupi, wa imvi, wovala nsapato za tenesi, magalasi akulendewera pa chingwe. Telala anachedwa kuwazindikira. Pachithunzi paja anali atawachotsera zaka khumi. Mpendero wa siketi yawo unali utamasuka mbali imodzi, atangougwiriza ndi pini.

Apongozi anayala mkeka watsopano, kalipentala anatulutsa mpando wabwino. A Pulofesa anaukana mpandowo n'kukhala pamkeka, mawondo akulira. A Sisita anakaima patali, pansi pa mtengo wa mango.

"Pepani ndi zomwe zinakuonekerani, mayi," anatero a Pulofesa. "Ndikanakonda ticheze awiri."

"Mwanayu sanachire bwino," analowererapo apongozi. "Mutu umamuzungulira, amaiwalaiwala. Ife tikhale pompano timuthandize."

A Pulofesa anayang'ana Telala.  Telala ankafuna aone kaye kuti mlendoyu atani.

"Chabwino. Buku la sikelo lilipo?"

"Makoswe, mayi," anatero apongozi. "Atitha m'nyumba muno."

A Pulofesa anavala magalasi, n'kuwavulanso. Anaseka pang'ono, kuseka kopanda chimwemwe.

"Nyumba ya khumi ndi chinayi ino. Kwina makoswe, kwina chiswe, kwina mwana anaponya pamoto. Makoswe a chaka chino ndi ophunzira. Amadya mabuku a ana akufa okhaokha, a ana amoyo sawakhudza."

Kalipentala anayang'ana zala za kumapazi kwake.

"Ndikuuzeni chomwe chandiyendetsa," anapitiriza a Pulofesa. "M'makaundula, ana omwe amafa mayi atafika msanga achepa kwambiri. Ndinasangalala. Ndinalemba, anthu anawerenga, maiko ena ayamba kupachika mawotchi. Koma chaka chino ndaona kuti amayi olembedwa kuti anachedwa kunyumba achuluka katatu. Misewu ndi yomweyo, njinga ndi zomwezo. Ndiye ndikudzifunsa kuti kodi amayi ayamba ulesi chaka chomwe ine ndapachika wotchi?"

"Ndiye mwabwera kudzapulumutsa ana kapena manambala anu?"

Anali mawu oyamba a Telala. Apongozi anatsegula pakamwa, koma a Pulofesa anakweza dzanja.

"Zonse ziwiri, ndisakunamizeni. Dzina langa lili pa manambala amenewo. Ngati ndi abodza, ndikufuna ndinene ndekha ena asanandinenere."

"Tsiku lomwe ndinataya mwana, anamwino atatu a pachipatala pathu anali kuti?"

A Pulofesa anatsegula kabuku kawo, n'kuyang'ana tsiku, n'kukhala nthawi akuliyang'ana.

"Anali kwa ine," anatero.

"Munawadyetsa bwino?"

"Mwana wanga!" anakuwa apongozi.

"Musiyeni. Funso lake ndi labwino kuposa a anthu omwe anandipatsa mphoto." A Pulofesa anatseka kabukuko. "Ndinaitana anthu osafunsa kuti pachipatala patsala ndani. Limenelo ndi langa, ndidzalinena. Tsopano ndikufunseni lanu. Munafika pageti nthawi yanji?"

"Cha kumasana," anatero apongozi msangamsanga. "Tinkayesa kuti ndi m'mimba wamba. Si choncho, iwe?"

Kalipentala anayang'ana kumbali. "Ine mutu unali utazungulira."

Telala anayang'ana ku mtengo wa mango. A Sisita anali ataima chilili, manja kumbuyo, ngati mwana wa sukulu wodikira chikwapu. Sanapukuse mutu, sanapemphe ndi maso. Akanapempha, mwina zikanaphweka.

"Hafu pasiti sikisi m'mawa," anatero Telala. "Anandiona wani koloko."

A Pulofesa sanalembe msanga. Anawerenga ndi zala, milomo ikuyenda, n'kufika pa chala chachisanu ndi chimodzi.

"Munauzako aliyense kuti mukumva zachilendo?"

"Kamodzi."

"Kamodzi kokha, maola onsewo? Chifukwa chiyani?"

Apa apongozi anaponya mpango wawo pansi.

"Chifukwa ndi mlamu wake! Uyo waima apoyo ndi mwana wanga, woyamba kubadwa! Anali yekha ndi amayi anayi inu mukudyetsa anzake mu hotela. Mwabwera ndi kalumo kakuthwa, mlendo, koma mutu womwe mukufuna kumeta ndi wa mwana wanga. A Inchaji simuwakhudza, inu simudzikhudza. Mukachoka pano mukakwera ndege. Ife tidzadya wotchi yanuyo?"

A Pulofesa anacheuka n'kuyang'ana mzamba yemwe anakwera naye galimoto ulendo wonse akuwalozera njira. Kenako anayang'ana Telala, ndipo nkhope yawo inakalamba kuposa pomwe anafika.

"Sindinadziwe," anatero. "Sisita, bwerani mukhale."

"Ndili bwino pompano, mayi."

"Zomwe wanena mlamu wanuyu ndi zoona?"

"Kaundula ali kuchipatala. Mukhoza kukawerenga."

"Ndawerenga kale. Ndikufunsa inu."

A Sisita anangoyang'ana mayi awo.

A Pulofesa anapumira m'mwamba. "Lachinayi kuli msonkhano kuboma. Kudzakhala akuluakulu a zipatala zonse makumi awiri ndi mabwana awo. Ndikapita ndi manambala okha, adzati ndalakwitsa masamu, kapena alonda sadziwa kulemba. Nyumba khumi ndi zitatu zandiuza za makoswe, chiswe ndi moto. Ndinu woyamba kunditchulira nthawi. Ndikufuna mayi mmodzi aime pamaso pawo anene zomwe mwanenazi, ndi pakamwa pake. Sindikukakamizani. Mukakana, zomwe mwandiuza zikhala zopanda dzina, ndipo mwina sizisuntha kanthu."

"Ndikanena, alamu anga ziwathera bwanji?"

"Ndidzawayankhulira. Ndidzanena kuti anali okha, ndipo anali okha chifukwa cha ine. Ndidzanena kuti wotchi yopanda anthu ogwira ntchito imangophunzitsa anthu kunama. Koma sindikulonjezani. Pa zinthu ngati izi amayamba kugwa ndi amene anasaina."

"Ndipo inu?"

"Ine ndidzachita manyazi. Ntchito sindidzachotsedwa." Anatero akumuyang'ana m'maso. "Sizofanana, ndikudziwa."

"Nanga kusikelo adzasiya kuphunzitsa za telala wokonda madiresi?"

"Za telala uti?"

 A Pulofesa anayang'ana nkhope imodzi ndi imodzi, kenako makina osokera omwe ankaonekera pakhomo, ndipo anamvetsa okha. Anang'amba pepala, n'kulembapo malo ndi nthawi ya msonkhano, n'kuliika pamkeka. Sanalipereke m'manja mwa munthu. Podzuka anagwira phewa la kalipentala osapempha.

A Sisita sanakwere nawo pobwerera. Anati ayenda wapansi.

Fumbi la galimoto lisanathe, apongozi anali atayamba kale. Sanakalipe. Anakhala pansi n'kutambasula miyendo, n'kuyamba kuwerenga zomwe a Sisita anachitira banjali: malata, sukulu ya ana a malemu mng'ono wawo, mankhwala a shuga a iwo eni, ngakhale galimoto yomwe inathamangira ndi Telala kuchipatala chachikulu. "Akanapanda kukuwa pafoni tsiku lija, bwenzi tikunena za maliro awiri. Anakupulumutsani, mwana wanga. Walakwa, inde, ndani salakwa? Mukufuna ndigwade? Ndigwada, ine mayi wa mwamuna wanu."

"Musagwade, amayi."

"Mayi," anatero kalipentala, "mwanena kale, mtima wapepuka. Mayi aja amva. Zakubomazo zisiyeni. Ine ndipita ndekha kwa a Inchaji ndikawauze asiye za kusikelozo."

"Mukawauza kuti ndinafika nthawi yanji? Mutu wasiya kuzungulira?"



A Sisita anasendera pafupi. Anakhala pa mpando womwe mlendo anaukana, n'kuvula nsapato zoyera, n'kuyamba kutikita phazi.

"Anali wamwamuna," anatero, osayang'ana munthu. "Ndinapita kukamuona kuchipatala chachikulu inu musanatsitsimuke. Anali wathunthu, zikhadabo zonse. Ndikanangoika chomvera pamimba m'mawa muja, mphindi ziwiri zokha, ndikanamva kuti mtima ukuthamanga molakwika. Mphindi ziwiri. Ndinadutsa pa benchi paja katatu." Anasintha phazi. "Sindikupemphani kanthu, alamu. Ndangoti mudziwe kuti ndimadziwa."

Apongozi anayamba kulira chamumtima. Telala anawerama movutikira, dzanja lili pabala, n'kutola pepala lija pamkeka. Analiwerenga, n'kulipinda kanayi, n'kulilowetsa m'kabati ka makina momwe amasungamo mabobini. Anakhala pansi, n'kunyowetsa nsonga ya ulusi ndi malovu, n'kuulowetsa pa singano ulendo umodzi. Anthu atatu ankamuyang'ana msana. Anasoka mzere umodzi mpaka kumapeto kwa nsalu, n'kudula ulusi ndi mano.

"Lachinayi ndikupita kuboma," anatero. "Bambo, mupope njinga Lachitatu madzulo. Mundinyamula ndinu."